Thanki ya Nsomba Imene Ndinaidula Mutu

"Ndinati manja awiri! Osati limodzi kugwira, linalo kumaloza mapiri ngati mzungu wodzaona malo!"

Amenewo anali anti, akazi a malume, ataima pakhonde la nyumba yatsopano ku Area 47, mwana kumsana, fumbi mpaka m'nsidze.

"Anti, manja ndili nawo awiri okha," ndinatero. "Limodzi linagwira thanki, linalo linagwira moyo wanga. Inuyo mukadakonda chigwe ndi chiti?"

"Mwamumva? Mwamumva mwana wa mlongo wanuyu?"

Malume anali atagwada pansi, tayi ili kumsana, akusisita mng'alu ndi chala ngati munthu wofufuza nthenda pa ng'ombe.

Ndifotokoze kaye. Boma linali likusamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo ofesi ya malume itauzidwa kuti inyamuke, ifenso tinanyamuka. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 2, zotsatira zake tisazikambe, ndiye malume ananditenga kuti akandiyankhulire kwa anthu ena ku Capital Hill, mwina ndingapeze ya umesenjala. Anti sanafune. Ankati ndimadya ngati anthu anayi, pomwe zoona zake ndi atatu.

Pakatundu yense amene anakwera lole ya boma tsiku limenelo, malume ankakonda chinthu chimodzi: thanki yowetera nsomba zoonera, imene bwana wawo wachizungu anawapatsa pobwerera kwawo. Sinali yagalasi. Inali ya pulasitiki yolimba yooneka ngati galasi, malume ankaitchula kuti pasipekisi, ndipo akamatchula mawuwo ankayamba akhosomola. Kutalika kwake ngati mkono wanga ndi theka. Pamwamba pake panali kamlomo kozungulira mbali zonse, ndi kamtanda kamodzi kodutsa pakati. Inabwera kwathu itakulungidwa kale m'bulangete, yomangidwa ndi zingwe, ndipo ntchito yanga inali kukhala nayo pamwamba pa lole kuchokera ku Zomba mpaka ku Lilongwe. Msewu umene uja! Pofika pa Ntcheu matumbo anga anali atasinthana malo ndi mapapo.

Titamasula bulangete, ndi uwo mng'alu. M'mbali, chapamwamba, kuyambira pamene kamtanda kanalumikizana ndi khoma, kutsika ngati chala chimodzi.

Malume anadzuka, nasasa mawondo.

"Mphwanga, tamvera. Kutha kwa mwezi uno anzanga a kuofesi abwera kudzaona nyumba. Ndinawauza kale za thanki imeneyi. Ndikufuna idzakhale pabalaza, madzi ali tho, mng'alu osaoneka. Zikakanika, lole imene yatibweretsayi imabwerera ku Zomba Lachisanu lililonse kukatenga mafaelo. Malo akumbuyo amakhalapo."

Kumudzi kwathu kunali khasu likundidikira. Ndinkalidziwa bwino, linali ndi mpini wokhota.

Masiku awiri oyamba ndinangokhalira kukayikira anthu. Dalaivala wa lole ndinamukayikira, chifukwa pa Dedza anaponda buleki ngati waona mzukwa. Anti ndinawakayikira kwambiri. Iwo chiyambire ankati nsomba yosadyedwa ndi chipongwe kwa Mulungu, komanso ndi iwo amene anaika mtondo pafupi ndi thanki. Mtondo! Pa malo onse a m'lole muja! Munthu mmodzi yekha amene sindinafune kumuganizira ndi ine. Paja pokweza ku Zomba ndinapisa dzanja m'bulangete, n'kupeza kamtanda kaja, n'kunyamulira pomwepo ngati chidebe. Ndipo ndinamva kanthu kakuti "the!" Koma tsiku losamuka zinthu zambiri zimalira, ndiye ndinaisiya nkhaniyo.

Panyumbapo panali mlonda, bambo wachikulire wa m'mudzi wina kutsidya kwa Lingadzi, mkulu wa mpingo kwawoko. Tonse tinkangoti madala. Iwo ankati pamene panali nyumba yathupo ankasakapo mbewa ali mwana, ndipo ankatiyang'ana ife a ku Zomba ngati anthu amene tabwera kudzawabera mphepo. Anandibwereka njinga, koma atandiwerengera masipoko onse pamaso panga.

Ndinamanga thanki pakaliyala, n'kuikankha njingayo mpaka ku Old Town. Lilongwe wa masiku amenewo anali fumbi lofiira lokhalokha. Kulikonse akukumba, kulikonse akumanga, magalimoto a mchenga akudutsa ngati njuchi. Ndinafika pamsika ndili wofiira ngati chiswe, thanki nayo yofiira, moti amayi ena ogulitsa tomato anandifunsa ngati ndi bokosi la maliro a mwana wa mzungu.

Kuseri kwa msika kuli amisiri okhoma zidebe ndi mbaula. Phokoso lake ungagonthe. Ndinasankha wina wamkulu thupi, wa pensulo kukhutu, chifukwa munthu wa pensulo kukhutu ndiye kuti anapitako kusukulu.

Anaiyang'ana thanki, kenako ine, kenako thanki.

"Waiba kuti?"

"Ndi ya malume anga, amagwira ku Capital Hill."

"Aliyense masiku ano malume ake amagwira ku Capital Hill. Apolisi akabwera ine sindikukudziwa, wamva?"

Anaigogoda ndi chikhadabo, kuinunkhiza, kuiunika padzuwa. Kenako anagwira kamtanda kaja.

"Unanyamulira apa eti?"

"Ine? Ayi."

"Hmm."

"Hmm" ameneyo anandilowa mpaka m'mafupa.

Iye anati njira ilipo. Abowole kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, monga amachitira ndi beseni long'aluka, ndiye madzi tizithira osafika pamenepo. Ine ndinakana. Malume anati mng'alu usaoneke, tsono ine ndiwapititsire mng'alu womwewo ndi bowo pamwamba? Ndinali ndi nzeru yanga, imene ndinaiganiza njira yonse. Chidebe chikadyeka kukamwa, amachidula n'kukhala chachifupi. Basi tidule mutu wonse, zala zinayi kuzungulira, mng'alu upite, kamlomo kapite, kamtanda kapite.

"Iwe," anatero mmisiri, "unaonapo chidebe chopanda mkombero? Ukuganiza waya uja timamupindira kukamwa kwa chidebe n'chifukwa choti tilibe chochita? Chinthu chopanda mkombero chimayasama."

"Chimenecho ndi chitini, achimwene. Iyi ndi pasipekisi." Ndinakhosomola pang'ono potchula. "Ndege amapangira zomwezi."

"Unakwerapo ndege?"

"Ndinaiona pafupi."

Anaseka, natenga sowo yodulira zitsulo. "Mutu ndi wako, thanki ndi ya malume ako. Gwira uko."

Tinadula kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka. Chinthucho chinkalira ngati nkhumba yokana kuphedwa, fungo lake ngati wina akuwotcha chipeso. Amisiri onse anasiya ntchito kudzaonerera, aliyense ndi maganizo ake. Wina ankati sweka pompano, wina ankati imeneyi ndi fuliji yosatha kupanga. Titamaliza anapala m'mphepete ndi tupa mpaka posalala, ndipo ndikunena zoona, inkaoneka bwino kuposa mmene anaipangira azungu. Tinathiramo ndowa imodzi ya madzi. Osadontha ngakhale kamodzi.

"Waona?" ndinatero.

"Ndowa imodzi," anatero iye, akubwezera pensulo kukhutu.

Kunyumba ndinaiika pakhonde lakuseri, pasimenti, n'kuyamba kuthira. Ndowa zisanu ndi imodzi, mpaka madzi anatsala chala chimodzi kuti asefukire. Ndinatenga khala n'kulemba kamzere kunja, pamene madzi analekeza. Malume atatsika basi ya antchito madzulo anaizungulira katatu.

"Yafupika."

"Ndi mmene akuzipangira masiku ano, malume."

"Chogwirira chija chili kuti?"

Mwamva? Ngakhale malume ankati ndi chogwirira.

"Chinali chongokongoletsa," ndinatero.

Anapisa dzanja pansi, pouma. Anati tiione masiku atatu, ikapanda kudontha ilowa pabalaza. Ine tsiku limenelo ndinayenda ngati nyumba zonse za pa Capital Hill ndamanga ndine.

M'mawa mwake madzi anali atatsika. Pang'ono, ngati chikhadabo, koma kamzere kanga kanali pamwamba, madzi pansi. Ndinagwada, kufufuza makona onse anayi. Pouma. Ndinayala nyuzipepala kuzungulira, masana ndikuyang'ana, youma ngati chikonga. Ndinawonjezera madzi mpaka pamzere. Tsiku lotsatira atsikanso, ulendo uno chala chathunthu.

Tsono madzi osadontha amapita kuti? Inde kunali kotentha, koma dzuwa silimwa ngati ng'ombe. Apa panali munthu. Ndipo munthu amene ankafuna kuti ine ndikwere lole ya Lachisanu ndinkamudziwa.

Ndinachita zimene timachita kumudzi nkhuku zikamasowa m'khola. Ndinatenga phulusa la pambaula n'kuwaza mopyapyala kuzungulira thanki yonse, ndiye n'kupita kukathirira kapinga kumaso ngati palibe chimene chachitika. Pobwerako, ndi awo mapazi. Patapata wamng'ono, wodyeka chidendene chakumanzere. Ndinamudziwa ngati nkhope yanga.

Ndikadakhala ndi nzeru ndikadadikira. Koma ndinalowa m'khitchini ngati wapolisi.

"Anti, madzi a m'thanki mukumapita nawo kuti?"

Anatembenuka pang'onopang'ono, mpeni wa anyezi uli m'manja.

"Wati chiyani?"

"Mapazi anu ali paphulusa."

"Ndiye unandithirira phulusa? Ine? M'nyumba mwanga? Ngati fisi?" Anaika mpeni pansi, mwamwayi. "Mpopi uli apa, ine ndikabe madzi a m'chibokosi chako? Ndinapita kukachiyang'ana chifukwa usiku ndi usana ndikuganiza za mwana uyu. Wayamba kukwawa. Amalume ako akufuna achiike pabalaza, pa kathebulo, mwana azidutsa pansi pake. Ndowa zisanu ndi imodzi! Iwe ukuganiza za lole yako basi."

Ndinatuluka n'kupita kukasesa phulusa langa.

Madala anamva zonse ali pampanda. Anabwera osafulumira, ataphatikiza manja kumbuyo, naima kumapeto kwa thanki, n'kutsinzina diso limodzi ngati akuwongola mzere wa fodya.

"Mwana wanga, tatenga thabwa lija lili pagalaja."

Ndinabweretsa. Analigunditsa m'mbali mwa thanki, chautali. Thabwa linakhudza pakati pokha. Kumapeto konse kuwiri kunatsala mpata woti chala changa chinalowa n'kumasewera.

"Madzi ako sanabedwe," anatero madala. "Ali momwemo. Chinthuchi chatenga mimba."

Ndinayang'ana bwino. Zoonadi, makoma awiri aatali aja anali atatupa ngati mbuzi imene yadya chimanga cha eni. Madzi ankakankha, makoma n'kumafutukuka, madzi n'kumatsika. Ndipo ine tsiku lililonse ndinkawonjezera ena! Pakona ina yapamwamba, pamene makoma awiri anamatidwa, panali patayamba kuyera ngati chikhadabo chikafuna kuthyoka.

"Iphulika?" anafunsa anti, atabwerera m'mbuyo ndi mwana.

"Ine ndine mlonda, mayi, si mneneri. Koma ineyo sindingakhale pafupi."

Sindinatungepo madzi mwaliwiro ngati tsiku limenelo. Ndowa zisanu ndi imodzi zinatha anti asanamalize kundinena.

Kubwerera kumsika kunali kowawa kuposa ulendo wa pa lole. Mmisiri uja atandiona patali anaika nyundo pansi, n'kuitana anzake.

"Tabwerani, wa ndege uja wabwera!"

Sanandinyoze nthawi yaitali, mwina ola limodzi lokha. Kenako anayeza kukamwa kwa thanki ndi chingwe, nadula chitsulo chafulati, n'kupinda mkombero wa makona anayi wokwana ndendende. Mkati mwake anayalamo mphira ya chubu cha njinga kuti chitsulo chisadye pasipekisi, ndipo pakati anadutsitsa kachitsulo kena n'kukhoma ndi maliveti. Kunena mwachidule, anabwezeretsa zonse zimene ndinamuuza kuti adule, kungoti tsopano zinali zakuda, zolemera, zooneka ngati zachokera pangolo.

"Tsopano igwira?" ndinafunsa.

"Kukamwa sikuyasamanso. Koma pakona payera apa, ine sindikudziwa. Chitini ndimachimva chikamalankhula. Ichi sindichimva. Thira theka."

"Malume akufuna tho."

"Ndiye akagone pansi pake malume akowo."

Madzulo amenewo malume anaima pakhonde lakuseri, chikwama cha kuofesi chili m'khwapa, akuyang'ana mkombero wakuda uja. Anti anali atawauza kale za phulusa, mwinanso anawonjezera, chifukwa nkhope ya malume inali ngati ya woweruza milandu.

"Funso langa ndi limodzi," anatero. "Ndikaiika pabalaza, madzi tho, igwira?"

Bodza linali lokonzeka kale pakamwa, labwino, lopaka mafuta. Koma mwana uja anali pansi, akukwawira ku thanki, n'kumamenya khoma lake ndi kadzanja konyowa ndi dovu.

"Sindikudziwa, malume. Mmisiri akuti theka. Ineyo pabalaza sindingaike."

"Ndipo anaing'alula ndani?"

Popeza ndinali nditayamba kale kumira, ndinangoti ndimire zonse. Ndinawauza za kamtanda, za kunyamula ngati chidebe, za "the!" uja. Anti anangoti "Ehe!" mokweza moti agalu a ku sekita ina anayankha.

Malume anati thanki ikhale panja pomwepo, theka, asaione anzawo. Ine ndikwere lole ya Lachisanu la sabata yotsatira, chifukwa ya sabata imeneyo inali itadzaza kale ndi mipando yobwezedwa. Sanakalipe. Bola akadakalipa.

Ndinali ndi masiku khumi. Ndinachapa malaya anga onse awiri, ndinapepesa anti kawiri, kachitatu anandiuza kuti ndikuwasokosa. Thanki inangokhala phee ndi madzi ake atheka, osatupa, osadontha, ngati si iyo. Tsiku lililonse ndinkaigunditsa thabwa, ndipo tsiku lililonse inkandiyang'ana mwaulemu. Sindinaikhulupirire ngakhale pang'ono.

Ku Zomba ndinasiya mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi. Bambo ake anali khukhi kwa mzungu yemwe uja anapereka thanki, ndipo iye ankakhala nawo kuseri kwa nyumbayo. Ndinamulembera kalata ya masamba anayi kuti adzandichingamire podzatsika lole. Ndinamuuza zonse, ndi zina zoonjezera pang'ono: kuti thanki inatupa mpaka kutseka khomo, kuti anti amandiwerengera nyemba m'mbale, kuti nyumba za pa Capital Hill ukaima pamwamba umaona Zomba. Adiresi yobwezera ndinalemba ya kuofesi kwa malume, poti ku Area 47 kunalibe ina. Ndinakaiponya ku positi ya ku Old Town.

Lachinayi madzulo chikwama changa chinali chomangamanga pakhomo. Malume anatsika basi, nalowa pageti, m'manja muli envulopu yong'ambidwa kale. Kalata iliyonse yofika pa adiresi yawo ankaitsegula, ankati m'boma simudziwika.

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kukhonde lakuseri.

"Masula chikwamacho," anatero. "Lolemba uvale malaya oyera, tikwerere limodzi basi. Koma za nyembazi ukawafotokozere wekha anti ako, mawu ake ndawaloweza kale pamtima." Anandiponyera kalatayo, n'kulowa m'nyumba akung'ung'udza za azungu.

Inali ya tsamba limodzi, yolembedwa ndi pensulo.

"Aise,

Kalata yako ndalandira, ndawerengera anyamata onse pa sitolo, wina mpaka anagwa pabenchi. Iwe ndiwe chitsiru cha boma. Wavomera mlandu wa eni ake. Mng'alu umenewo ine ndinaupeza ndikubwera kudzakhala ndi bambo, ndili Sitandade 6. Anaung'alula ndi bwana mwini wake, ataledzera pa Khirisimasi, ankafuna kuisuntha ili ndi madzi. Chiyambire pamenepo ankathira theka basi, mbali yong'alukayo n'kuitembenuzira kukhoma, pamwamba n'kuikapo kamphika ka maluwa. Amene ankasintha madzi Loweruka lililonse ndine, ndiye usanditsutse. Pochoka anayamba wapatsa bwana wina wa ku Mulunguzi, anaikana. Anapatsa abusa, anaikana. Bambo anauzidwa kuti aikulunge bwinobwino m'bulangete malume ako asanafike, ndipo zingwe zija ndinamanga ndine. Usawauze malume ako, angamve chisoni, ndi munthu wabwino.

Za anti ako zowerenga nyembazo sindikudabwa, nanenso ndikadawerenga.

Ngati ukubweradi Lachisanu unditengereko fumbi la ku Lilongwe m'botolo, anthu kuno akuti ndi bodza. Ngati subwera, undifunsireko ngati kumeneko akufuna munthu wodziwa kusunga nsomba. Ndili ndi zaka zinayi pantchitoyi ndipo zinangofa zisanu ndi ziwiri.

Ndine mnzako."